Mlendo Amve Kaye Pangano la Gulu

Ku Naisi, magulu othandizana a anthu omwe ali ndi kachirombo ka HIV amene bungwe lathu limagwira nawo ntchito ali ndi mwambo umene poyamba ena adauona ngati chipongwe kwa alendo. Aliyense wofika pamsonkhano, kaya ndi membala watsopano, m'busa, shehe, wophunzira wofuna kuchita kafukufuku, ngakhale wobwera pagalimoto ndi thandizo, amayamba waima kaye poteropo. Mlembi amamuwerengera pangano la gulu mokweza, ndipo akavomera m'pamene amamupatsa mpando.

Panganolo ndi lalifupi. Limati zimene mwamva pano muzisiye pompano, ndipo musakatchule kwina dzina la munthu amene mwamuona. Musajambule chithunzi kapena mawu a munthu mwini wake asanalole, ndipo kulola kwa wapampando sikulowa m'malo mwa kulola kwa membala aliyense payekha. Mukakumana ndi membala pamsika wa Songani, mupatsane moni basi, osayamba kufunsa ngati mankhwala akumuyanja. Limatinso membala ali ndi ufulu wokhala chete, kapena kunyamuka n'kumapita, mlendo akafika.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umatiphunzitsa kulandira bwino alendo, komanso ukutikumbutsa kuti mlendo amapita, pamene mayi amene wafotokoza za moyo wake amatsala m'mudzi momwemo, ndi apongozi ake, ndi anthu amene amamugula mandasi. Mawu akalumpha mpanda, amene amavutika ndi iyeyo: banja limagwedezeka, malonda amazizira, ana amanenedwa kusukulu. Ena akachita manyazi amasiya kupita kukatenga mankhwala kuchipatala chapafupi poopa kuonedwa, ndipo apa m'pamene nkhani ya miseche imasanduka nkhani ya moyo ndi imfa.

Ambiri tikukumbukira chaka cha 2004, pamene boma lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV mwaulere, komanso pamene pachipatala chachikulu cha Zomba padatsegulidwa malo a Tisungane mothandizana ndi bungwe la Dignitas International. Masiku amenewo munthu ankayamba mankhwala atadwalika kale, thupi lenilenilo linkamuulula. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo, ndipo womwa mankhwala mwandondomeko amalima, amachita geni, amaoneka ngati wina aliyense. Choncho lero chinsinsi chili m'manja mwa mwini wake. Iye ndiye asankhe womuuza ndi tsiku lomuuzira. Chimene chingamulande ufulu umenewu ndi pakamwa pa mnzake, kapena foni ya mlendo. Chithunzi chojambulidwa pansi pa mtengo wa mango m'mawa chimakhala chitafika kwa achibale ku Johannesburg pa WhatsApp dzuwa lisanalowe.

Malamulo a dziko lino ali kumbali ya membalayo. Mu 2009, amayi 11 ku Mwanza adagwidwa ndi apolisi, adayezedwa magazi mokakamizidwa, ndipo zotsatira zake zidawerengedwa poyera m'khoti. Mu 2015 woweruza wa bwalo lalikulu, Dorothy nyaKaunda Kamanga, adagamula kuti zimenezi zidaphwanya ufulu wawo. Kuno ku Zomba, mu Januwale 2017, woweruza Zione Ntaba adafafaniza chilango cha mayi wina amene adamangidwa chifukwa choyamwitsa mwana wa mnzake, iye ali pa ma ARV. Dzina la mayiyo lidabisidwa, m'mabuku a khoti amangotchedwa E.L. Ngati bwalo lalikulu limasunga dzina la munthu chotere, nanga ife pamphasa tingalephere bwanji?

Mu Novembala 2017 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lokhudza HIV ndi Edzi, itachotsamo ndime zimene zikadalola kuyeza magulu ena a anthu mokakamiza. Lamuloli limafuna kuti munthu ayezedwe atamvetsa ndi kuvomera yekha, limaletsa kusala anthu omwe ali ndi kachirombo, ndipo limaletsa ogwira ntchito zaumoyo kuulula zotsatira za munthu kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Komabe khoti limabwera zinthu zitaonongeka kale. Likhoza kulamula chipukutamisozi, koma silingalowe m'makutu a anthu n'kufufutamo zimene adamva.

N'chifukwa chiyani pangano liwerengedwe mokweza, osangolimata pakhoma? Pepala la pakhoma limangokhala chokongoletsa. Anthu ambiri tidazolowera kusaina kapena kudinda chala pa mafomu a ngongole ndi a chithandizo osamva n'komwe zolembedwamo, bola mzere uyende. Pali agogo amene sadapite kusukulu, palinso ambiri m'dera lino amene nkhani yolemera amaimvetsa bwino m'Chiyao. Choncho mlembi amawerenga m'chiyankhulo chimene mlendo ndi eni gulu akumva, kenako amapempha mlendoyo kuti abwereze m'mawu akeake zimene walonjeza. Aphungu amachitanso chimodzimodzi asanayeze munthu magazi. Ubwino wina ndi wakuti mamembala amamva ndi makutu awo mlendo akulonjeza, ndipo mitima imakhala pansi.

Povuta kwenikweni ndi pa alendo obwera ndi thandizo, ndipo ife a mabungwe nkhaniyi ikutikhudza. Opereka ndalama amafuna zithunzi za m'malipoti. Munthu amene akuyembekeza thumba la ufa kapena mbewu savuta kunena kuti "jambulani", pamene mumtima akulira. Kuvomera kotere ife sitikuwerengera. Maganizo athu ndi akuti katundu agawidwe kaye, aliyense alandire gawo lake, ndipo nkhani ya zithunzi ibwere pambuyo, munthu atauzidwa kumene chithunzicho chikupita ndi amene akachione. Wokana asasowe pa kaundula wa ulendo wotsatira. Alipo mamembala amene adasankha okha kutulukira poyera, monga adachitira omwe adayambitsa bungwe la NAPHAM mu 1993, ndipo timawalemekeza kwambiri. Koma kulimba mtima kwawo si ngongole imene ena onse ayenera kubweza.

Amavutanso ndi abambo amene amatsatira akazi awo kuti akamve zimene akunena kugulu. Nawonso amawerengeredwa pangano, ndipo mayi amafunsidwa pambali ngati akufuna kuti mwamunayo akhale nawo.

Membala akaphwanya pangano, komiti imamuitana mwakachetechete pamodzi ndi wolakwiridwayo. Nkhani siipititsidwa kubwalo la amfumu pokhapokha mwini wake atafuna, chifukwa pabwalo ndi pomwe mudzi wonse ungamve zimene dzulo ankadziwa anthu atatu okha. Ngati woulula ndi wogwira ntchito zaumoyo, dandaulo lipite kwa wolandira madandaulo pachipatalapo kapena ku bungwe la Malawi Human Rights Commission.

Magulu a ku Domasi, Malosa ndi madera ozungulira amene akufuna kulemba pangano lawo auze wogwira ntchito wathu akadzafika pamsonkhano wawo wa mwezi ndi mwezi. Sitidzabwera ndi pepala lolembalemba kale. Mfundo zake zidzachokera kwa mamembala eni ake, ife tidzangothandiza kulemba m'Chichewa ndi m'Chiyao.