Zilombo za m'Kanema ndi Mafupa a ku Karonga

Ife amene tinakulira m'makomboni a Lusaka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tikumbukira bwino tinyumba ta vidiyo: mdima, mabenci a matabwa, wailesi ya kanema imodzi, ndi ana opanikizana monga nsomba m'dengu. Kwathu ku Matero dzina la kanema linali kulembedwa ndi coko pakhomo, ndipo wopanda ndalama anali kusuzumira pa mng'alu wa malata. Tonse tinali kufuna karate. Koma tsiku lina, tepi ya karate itaduka, mwini kanyumba anatiikira ina yakale, ya dzina lakuti The Land That Time Forgot. Palibe amene anapempha kuti ambwezere ndalama yake.

Kanema ameneyu anapangidwa ku England ndi kampani yaing'ono ya Amicus, natuluka mu 1974. Nkhani yake inacokera m'buku la Edgar Rice Burroughs, mlembi yemwe uja wa Tarzan, limene linayamba kusindikizidwa mu 1918. M'caka ca 1916, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi imiza combo ca Angerezi. Opulumuka owerengeka, motsogoleredwa ndi Mmereka Bowen Tyler (woseweredwa ndi Doug McClure), alanda sitima ya adani ao. Asocera cakummwera mpaka ku madzi oundana, mafuta atatsala pang'ono, nalowa m'dziko lobisika la Caprona podzera mu mtsinje wa pansi pa matanthwe. Kumeneko apeza madainoso ndi anthu a m'mapanga, ndipo Mjeremani ndi Mngerezi, amene dzulo anali kuphana, ayamba kuyenga mafuta pamodzi kuti apeze njira yobwerera kwao. Cigwirizanoco sicikhalitsa. Phiri liphulika moto, sitima imira, ndipo Tyler, atatsala ndi mai mmodzi yekha, alemba zonse naponya kalatayo m'nyanja.

Ndalama zinali zocepa, ndipo zioneka. Zilombo zambiri zinali zidole zoyendetsedwa ndi manja, nchito ya mmisiri Roger Dicken. Cimbalame cina cimauluka mapiko ali cilili, osakupiza ngakhale kamodzi, ngati thabwa lopacikidwa pa cingwe. Ife sitinaone zimenezo. Tinaona mano okha, ndipo usiku umenewo ena a ife tinakana kupita tokha kucimbudzi.

Posacedwapa tinaonetsa mdzukulu wathu kanemayu pa foni. Anaseka mpaka misozi. Koma atatha kuseka anafunsa funso limene ife sitinafunse pa msinkhu wake: “Agogo, kodi zilombozi zinaliko ndithu? Makolo athu anali kuzisaka?”

Apa kholo liyenera kucenjera, pakuti kuyankha kuti zonse ndi mabodza a Azungu n'kunamiza mwana, ndipo kubvomera zonse n'kumnamizanso. Madainoso analiko, ndipo mafupa ao ali kufupi ndi ife kuposa mmene ambiri aganizira. M'boma la Karonga, kumpoto kwa Malawi, anafukula mafupa a cinyama ca khosi lalitali, cakudya masamba, cimene cinaponda dziko lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Sidney Haughton anayamba kucifotokoza mu 1928, ndipo mu 1993 Louis Jacobs ndi anzake anacipatsa dzina lakuti Malawisaurus. Cifanizo ca mafupa ake ciimirira m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. M'cigwa cathu ca Luangwa namo mwapezeka mafupa a zinyama zina zakale kuposa madainoso.

Pamene kanema ananama ndi pa anthu. Madainoso aakuluwo anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, munthu asanaoneke. Ngakhale cigaza cija cinapezeka mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921, cimene anacitengera ku London, cili ndi zaka pafupifupi 300,000 cabe. Mwini wake sanaonepo dainoso, monga ifenso.

Mdzukuluyo anakhala cete kanthawi, nafunsa ngati Karonga ali kutsogolo kwa Chipata. Tinam'werengera njira: Chipata, Mchinji, Lilongwe, Mzuzu, kenaka kutsika mapiri kunka kunyanja. Tsopano ali ndi kacitini kamene aponyamo makobiri a basi, ndipo sabata iri yonse abwera kudzatifunsa ngati ifenso tayamba kusunga zathu.