Mphakati wa m'Tauni pa Nyengo ya Noeli: za Akhristu a ku Area 1, Lilongwe

Munthu amene angaime pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe masiku otsiriza a Adventi adzaona khamu la anthu likulunjika ku depoti ya mabasi ya m'tauni yakale. Ena asenza matumba a feteleza, ena zikwama, amai abereka ana, kumutu atatsindira mtolo wa shuga, mchere ndi sopo. Akupita ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mchinji, ku Dowa, aliyense kwao. Ambiri mwa iwo ndi Akhristu, ndipo maina ao adalembedwa m'mabuku a miphakati ya ku Area 1 ndi madera oyandikana nayo, m'Parishi ya Mtima Woyera ndi m'maparishi ena a mumzindamu. Choncho pa nthaŵi imene Eklezia akuitana ana ake kuti asonkhane pa khola la ku Betelehemu, mphakati wa m'tauni ndiye umachepa anthu. Nkhani yathu ili pa kagulu kotsalako, ntchito zake pa nyengo imeneyi, ndi zimene ntchitozo zikuulula za mphakati weniweniwo.

Tiyambe takumbutsana kumene miphakati idachokera, pakuti mbadwo wa lero umayesa kuti idakhalapo chikhalire. Ansembe a chipani cha White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Likuni mu 1903, moyo wa Akatolika a dera la Lilongwe unkazungulira pa mishoni ndi nthambi zake. Ku nthambi kunali kasukulu ndi mphunzitsi wotsogolera mapemphero, wansembe ankafikako mwakamodzikamodzi, ndipo pa zikondwerero zazikulu Akhristu ndiwo ankayenda mtunda wautali kukamva Misa ku mishoni. Ngakhale dzina loti Noeli, limene agogo athu adalizoloŵera kuposa loti Khrisimasi, ndi cholowa cha nthaŵi imeneyo, popeza ambiri mwa ansembe oyambawo anali olankhula Chifalansa.

Mu 1972 Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, adakhala episkopi wa Lilongwe m'malo mwa Ambuye Joseph Fady. Nthaŵi imeneyo boma linali kumanga likulu latsopano, limene lidasamukira kuno kuchokera ku Zomba mu 1975, ndipo anthu ankakhamukira mumzinda kudzafuna ntchito. Episkopiyo adaona kuti ansembe oŵerengeka sangathe kuŵeta nkhosa zomwazikana chotere, komanso kuti Mkhristu amene amangodikira kuti wansembe amchitire zonse sadzakula. Tsono adaitanitsa msonkhano wa dayosizi yonse, umene udayenda kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo mfundo yake idamangidwa pa mau oti Mpingo ndife tonse. Akhristu oyandikana nyumba adalimbikitsidwa kumasonkhana m'magulu ang'onoang'ono, kumaŵerenga Mau a Mulungu, kumathandizana ndi kumasenza okha udindo wa mpingo. Maguluwo ndiwo miphakati; m'madayosizi ena amati limana. Maepiskopi a bungwe la AMECEA adakambirana za njira yomweyi ku Nairobi mu 1973, adaivomereza mu 1976 kuti ikhale yotsogola pa utumiki wao wonse, ndipo adabwerezanso ku Zomba mu 1979.

Boma la chipani chimodzi silidakondwe nazo. Anthu osonkhana m'nyumba, odzisankhira atsogoleri ndi kumakambirana za moyo wao, ankaoneka ngati nthambi za chipani china. Tisaiŵale kuti inali nthaŵi imene a Mboni za Yehova, oletsedwa kuyambira 1967, ankazunzidwa koopsa. Mu 1976 Ambuye Kalilombe adakakamizika kuchoka m'dziko, mu 1979 adatula pansi udindo wao, ndipo adakhala kunja zaka zambiri asanabwerere kudzaphunzitsa ku Chancellor College. Adamwalira mu 2012. Nkosadabwitsa kuti ena amati boma la masiku amenewo lidazindikira mphamvu ya mphakati msanga kuposa Akhristu eniake.

Tsono tibwerere ku Area 1. Mphakati wa kuno umasonkhana m'nyumba za anthu ake mosinthana. Nyumba zambiri ndi za lendi, chipinda chochezera nchopanikiza, ndiye chaka chonse anthu amakhala pabwalo, amai pamphasa, abambo pamipando yobwereka kwa anansi. Adventi akafika, mvula nayo yafika. Onse amapanikizana m'kati, ndipo mvula ikamalira pamalata, woŵerenga uneneri wa Yesaya amachita kufuula kuti amveke. Komabe ntchito zimachuluka. Atsogoleri amalemba maina a odwala ndi okalamba kuti wansembe akaŵayendere ndi kuŵalapitsa Noeli isanafike. Makolo ofuna kubatiza ana amadzatenga kalata ya umboni. Mphakati umene uli pa mndandanda wa parishi umasesa tchalitchi, umakonza zopereka za pa guwa monga mpunga, mazira, nkhuku ndi sopo, ndipo achinyamata amamanga khola ndi udzu. Ana amaphunzira seŵero la kubadwa kwa Yesu, m'mene Herode, wovala chitenje cha amai ake paphewa, ndiye amakonda kuseketsa anthu kuposa onse.

Pali ntchito ina imene siitchulidwa m'mabuku a mapemphero koma imadya nthaŵi yambiri ya misonkhano ya Disembala. Imeneyi ndi ndalama. Chaka chikutha, mtulo uyenera kumalizidwa, zosonkha za chitukuko cha parishi ziyenera kukwana, ndipo mphakati uliwonse umaopa manyazi oŵerengedwa kumapeto pa mndandanda. Pamene msungichuma akutsegula buku lake, mutu wa Mkhristu uli pa zina: feteleza wa munda wa kumudzi, lendi, mtengo wa basi umene umakwera nyengo ino, zovala zatsopano za ana, ndi fizi ya Januwale. Mu Novembala 2023, Adventi atayandikira, ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ambiri amakumbukira m'mene mitengo idadumphira pamsika waukulu. Kusonkha sikolakwa. Kudzidalira inali imodzi mwa mfundo za 1973, ndipo mpingo wodalira thandizo la kunja mpaka kale ngwopuwala. Cholakwika chimayamba pamene kalata ya ubatizo yasanduka risiti, pamene mai wosauka aleka kubwera ku mphakati chifukwa dzina lake limatchulidwa pagulu mlungu uliwonse. Mphakati wotere wasanduka ofesi ya msonkho yokhala ndi pemphero lotsegulira ndi lotsekera. Ife amene tikukonzekera unsembe tiyenera kuvomera kuti nthaŵi zambiri chikakamizocho chimachokera ku nyumba ya ansembe, ndipo atsogoleri a mphakati amangochipereka kwa anzao.

Opita kumudzi aja tisaŵaweruze. Luka Woyera akutiuza (2:1-5) kuti Yosefe nayenso adanyamuka ndi Maria kupita ku mudzi wa makolo ake, ndipo Yesu adabadwira paulendo. Kwa Mmalaŵi, tauni nkogwirira ntchito. Kwao nkumene kuli mchombo, munda ndi manda. Munthu amene wasiya mphakati wake wa ku Falls Estate kuti akapalire chimanga cha amai ake okalamba ndi kudya nao mpunga wa pa Noeli sadathaŵe mpingo. Wapita kukakwaniritsa lamulo lachinai, ndipo kumeneko akapezanso mphakati wina.

Koma nanga otsala ndani? Pano mpofunika kuyang'ana bwino, chifukwa kutsala m'tauni pa Noeli sikuchitika mwangozi. Atsala alonda a masitolo a m'tauni yakale, amene usiku wa pa 24 Disembala umaŵapeza pakhonde, atafunda jekete, akuwotha kamoto ka makatoni. Atsala antchito a m'nyumba za ku Area 3, Area 10 ndi Area 43, ophika phwando limene sadzalidya patebulo. Atsala anamwino ndi apolisi amene ali pa ntchito, ogulitsa malonda amene sangasiye benchi pa masiku a phindu, ndi amene ndalama ya basi yaŵasoŵa. Atsala amai amasiye amene abale a mwamuna adaŵalanda zonse, ndi achinyamata obadwira mumzinda amene kumudzi amangokudziŵa ndi dzina. Alipo ndi alendo: pa chipatala cha Bwaila, chimene akale ankachitcha Bottom, pamabadwa ana usana ndi usiku, ndipo odikirira odwala ochokera m'midzi yozungulira amaphika pamafuwa panja, kutali ndi kwao. Munthu akaŵerenga mutu wachiŵiri wa Luka ali ndi anthu ameneŵa m'maganizo, saona chachilendo. Mai wobereka kuchilendo atasoŵa malo ogona alipo. Amuna ochezera usiku kulonda chuma cha eni, amene adali oyamba kumva uthenga, aliponso.

Apa ndipo pamene ntchito ya mphakati imaoneka kuti parishi singaigwire. Pa Misa ya usiku, imene m'maparishi ambiri a m'tauni imayamba madzulo kuti anthu abwerere bwino kunyumba, tchalitchi chimadzaza, ng'oma zimalira, nthungululu zimamveka pa Ulemu kwa Mulungu. Koma wansembe ali pa guwa sangadziŵe kuti pa mpando wachitatu pali munthu amene maŵa lake sadzasonkha moto. Wodziŵa zimenezi ndi mnansi wake wa pa mpanda umodzi, amene amatunga naye madzi pa mpopi. Miphakati yambiri ili ndi mwambo wabwino wokacheza ndi odwala ku chipatala kapena akaidi ku ndende ya Maula pa masiku ameneŵa. Mwambowu usathe. Komabe nkwapafupi kupereka sopo kwa mlendo amene simudzamuonanso, nkujambulitsa chithunzi, kusiyana ndi kuitana mlonda wa pa msewu wanu kuti adzakhale pa mphasa yanu, asambe m'manja m'beseni limodzi ndi ana anu.

Makolo athu anali ndi nzeru pa nkhani ya mwana wobadwa kumene. Mai akachira, amakhala m'chikuta masiku angapo, ndipo sagwira ntchito. Amai anzake a m'mudzi ndiwo amamtungira madzi, kumtolera nkhuni, kumphikira phala, ndipo odzaona mwana sabwera chimanjamanja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Noeli ikamvedwa motere imakhala udindo wa mudzi wonse kwa banja limene lalandira mwana, ndipo funso la mphakati limakhala loti banjalo chaka chino lili m'nyumba iti. Chikondwererochi chidatipeza chitavala zovala za kwina. Tsiku la 25 Disembala likupezeka koyamba m'kalendala ya ku Roma ya mu 336, nyengo yozizira kumeneko, ndipo khola lidatchuka kuchokera pa zimene Fransisko Woyera adachita ku Greccio mu 1223. Nchifukwa chake mpaka lero ena amamwaza thonje pa khola kuti lifanane ndi chisanu chimene sadachionepo. Kwathu kuno Khristu amabadwa chimanga chili m'maondo, nkhokwe zikupepuka, miyezi ya njala ili pakhomo. Mpunga ndi nkhuku za pa 25 ndi chakudya chotsiriza cha mtendere kwa mabanja ambiri mpaka zam'munda zitacha.

Khutu la Mcheŵa likamva dzina loti mphakati limamvamo mau oti pakati. Yohane Woyera (1:14) akuphunzitsa kuti Mau a Mulungu adasanduka munthu nadzakhala pakati pathu, ndipo Mateyo (18:20) akusunga lonjezo la Ambuye lokhala pakati pa aŵiri kapena atatu osonkhana m'dzina lao. Lonjezolo silidaikepo chiŵerengero chokwanira msonkhano. Nzachisoni tsono kuti miphakati ina imatseka misonkhano pakati pa Disembala, akuti anthu kulibe, nkudzatsegulanso Januwale ali m'kati, ngati sukulu. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, m'kalata yake ya mu 1995 yotsatira Sinodi ya Afrika, adatcha Eklezia banja la Mulungu. Banja silipita ku tchuthi chifukwa choti ena mwa ana ali paulendo.

Chimene chingachitike nchosavuta, ndipo sichilira ndalama. Pa msonkhano wa Lamulungu lachitatu la Adventi, buku la msungichuma lisanatsegulidwe, mlembi afunse amene akupita ndi amene akutsala, alembe maina. Opita apemphereredwe, ndipo amene angathe asiyeko kambale ka ufa kapena ka mpunga. Otsala agaŵane nyumba, kuti pa 25 aliyense adziŵe kumene akadye, ndipo wina akumbukire kupatula mbale ya alonda ndi ya odikirira odwala. Masiku a Stefano Woyera, Ana Osachimwa ndi Banja Loyera akhale oyenderana, pakuti nyengoyi imatha pa Ubatizo wa Ambuye, osati pa 26. Ikamatha, mabasi aja amakhala atayamba kubweza anthu, atanyamula mango, bowa ndi nkhuku zomanga miyendo, ndipo pa msonkhano woyamba wa Januwale mphasa zimayambanso kuchepa. Pamenepo otsala aja ndiwo amayamba kulankhula, kufotokozera anzao amene adadwala, amene adabereka, ndi amene adaikidwa m'manda iwo kulibe.