Nambala Imene Buku la Nthunzi Silinalembe

Injiniya woyang'anira boila, ndiwo mphika waukulu wacitsulo wowiritsiramo madzi kuti nthunzi iyendetse makina, sasiyana ndi buku la manambala a nthunzi. Bukulo limuuza mphamvu imene nthunzi ikankha nayo mphikawo, yoyesedwa m'makilopasiko, madzi akamawira pa kutentha kwakutikwakuti. Pa madigiri 100 Celsius lilemba 101.4, pa 110 lilemba 143.4, pa 120 lilemba 198.7. Nanga madzi akawira pa madigiri 105, pamene buku silinena kanthu, injiniyayo acite ciani?

Njira yapafupi ndiyo ya mzere woongoka. Popeza 105 ali pakati peni-peni pa 100 ndi 110, iye atenga nambala yapakati pa 101.4 ndi 143.4, ndiyo 122.4. Komatu nambala yoona ndi 120.9. Cifukwa cace n'cakuti mphamvu ya nthunzi siikwera mofanana. Kucokera pa 100 kufika pa 110 ionjezeka ndi 42.0, koma kucokera pa 110 kufika pa 120 ionjezeka ndi 55.3. Mzere wace ngwokhota.

Njira yaciwiri, yochedwa ndi dzina la Isaac Newton, itenga manambala atatu pamodzi. Kusiyana kwa 42.0 ndi 55.3 ndiko 13.3, ndipo ndiko kusonyeza kukhota kwa mzerewo. Injiniya agawa 13.3 pasanu ndi patatu, nacotsa gawo limodzi pa 122.4, napeza 120.7. Colakwa catsika kucokera pa 1.5 kufika pa 0.2.

Wina angaganize kuti kutenga manambala makumi awiri kungapose apa. Ai ndithu. M'caka ca 1901 Carl Runge wa ku Germany anasonyeza kuti mzere umodzi wokakamizidwa kupyola pa manambala ambiri otalikirana mofanana ukhoza kupotoka kwambiri kumapeto kwace, ndi kupereka yankho lonama.

Pali cenjezo linanso. Pa madigiri 100 nthunzi itenga malo oposa a madzi nthawi ngati 1,600. Cotero nambala ya madzi ndi ya nthunzi zisalumikizidwe ndi mzere umodzi.

Injiniya wanzeru ayamba ayang'ana kusiyana kwa manambala oyandikana. Kukakhala kofanana, mzere woongoka ukwanira. Kukasintha, aonjeza nambala yacitatu kapena yacinai, nalekera pomwepo. Pakuti akaphonya pa boila, malasha aonongeka cabe, ndipo miyoyo ya anchito ikhala pangozi.