Amisiri okongoletsa makalata a pa intaneti

Okutobala akamayandikira, ku Chonde m'boma la Mulanje kumakhala yakaliyakali. Kumeneko ndiye kulikulu la Mulhako wa Alhomwe, ndipo ng'oma za tchopa zisanalire, zoitanira anthu ndi zotsatsa malonda zimakhala zitazungulira kale m'mafoni. Ovina timawaombera m'manja. Koma pali amisiri ena amene sitiwaona, okonza masamba ndi makalata a pa intaneti, ndipo ntchito yawo ndi ya thukuta kuposa mmene ambiri amaganizira.

Tsamba lililonse limalembedwa m'zilankhulo ziwiri za kompyuta. HTML imanena kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi. CSS, imene Håkon Wium Lie anaiyambitsa mu 1994 ndipo bungwe la W3C linaivomereza mu 1996, imalamula maonekedwe: mtundu wa zilembo, kukula kwake, mpata wa pakati pa mizere. M'kalasi amaphunzitsa kuti CSS izikhala mu fayilo yakeyake, kuti ukasintha pamodzi tsamba lonse lisinthe.

Pa imelo lamuloli siligwira. Kuyambira 2007, Outlook ya pa Windows inayamba kuonetsa makalata pogwiritsa ntchito Microsoft Word, imene simva CSS yambiri. Gmail nayo mpaka 2016 inkataya malangizo olembedwa pamwamba pa kalata. Mmisiri amakonza kalata yooneka bwino pa laputopu yake, koma ikafika kwa mwini wake mitundu yathawa, zilembo zaunjikana. Mankhwala ake ndi kumata malangizo pa chidutswa chilichonse, monga wogulitsa kaunjika amene amamata mtengo pa chovala chilichonse m'malo mokhoma chikwangwani chimodzi pa benchi. Pa ndime iliyonse amalembapo style="color:green; font-size:16px", n'kubwerezanso pa ndime yotsatira, mpaka kalata ithe.

Kuchita zimenezi pamanja n'kotopetsa, ndipo ukaiwala malo amodzi zonse zimapotoka. N'chifukwa chake odziwa amalemba CSS yawo pamodzi, kenako n'kuipereka ku pulogalamu ngati Premailer kapena Juice kuti iimwaze yokha pa chidutswa chilichonse. Komabe maso a munthu amafunikabe. Kumataku kumanenepetsa kalata, ndipo ikapitirira 102KB, Gmail imaidula kumapeto. Wowerenga amene bandulo yake ya TNM kapena Airtel ikutha sangadinenso kuti aone zotsalazo.

Wachinyamata wa ku Chonde wofuna lusoli sasowa kolowera. Yunivesite ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ili chapafupi ku Ndata m'boma la Thyolo. Ku Blantyre kuli yunivesite ya MUBAS. Ku Lilongwe kuli mHub, imene anayambitsa Rachel Sibande. Ena amadziphunzitsa okha pa YouTube usiku.

Chimene chimawawa ndi malipiro. Kasitomala amaona mitundu yokha, ndiye amati ndi kungodinadina, n'kuyamba kunenerera mtengo. Saona maola oyesa kalata imodzi pa foni iyi ndi iyo, kapena kudikira magetsi akazima. Chonsecho malo osungira masamba ambiri amalipiridwa ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa malowo unakwera tsiku lomwelo pamene makasitomala anakakamirabe mitengo yakale.