Wakuba Wochita Kupempha

Tikamva za akathyali a pa intaneti, ambiri timaganiza za katswiri wa makompyuta amene amalowerera makina a eni ake ali kutali. Otere alipo ndithu. Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowereredwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo Amalawi anakhala masabata angapo osalandira ziphaso zoyendera. Komatu akuba ambiri savutika motero. Amangopempha mwaulemu, mwini wake n'kupereka yekha.

Mu 2020, nthambi ya ku South Africa ya kampani ya Experian, imene imasunga mbiri ya ngongole za anthu, inapereka zokhudza anthu pafupifupi 24 miliyoni kwa munthu wina amene ananamizira kuti watumidwa ndi kasitomala wawo. Palibe makina amene anathyoledwa.

Wina angafunse kuti dzina langa, tsiku langa lobadwa ndi nambala ya chiphaso changa cha unzika wakuba apita nazo kuti, poti si ndalama? Yankho lili mu simukhadi. Nambala ya foni lero ndi kiyi wa nyumba yonse: Airtel Money kapena Mpamba ili pamenepo, akaunti ya ku banki inalumikizidwa pamenepo, WhatsApp ndi Facebook nazonso. Wakuba akasonkhanitsa zokhudza inu, amakaonekera kwa ogulitsa masimukhadi ngati inuyo, n'kudandaula kuti foni yabedwa m'minibasi. Mafunso akawayankha bwino, kapena akapeza wantchito wokonda ziphuphu, nambala yanu imasamutsidwira pa simukhadi yatsopano. Yanuyo imafera m'thumba. Kuyambira pamenepo, timanambala totsimikizira timene banki imatumiza pa uthenga timapita kwa iye. Izi zinamugwera ngakhale Jack Dorsey, mkulu wa Twitter pa nthawiyo, mu Ogasiti 2019: anthu analanda nambala yake n'kuyamba kulemba zonyansa pa tsamba lake.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchinyozera. Foni yanu yataya netiweki, pamene ya mnzanu wa kampani yomweyo, amene mwakhala naye benchi imodzi, ikulira bwinobwino. Musadikire kuti mawa ibwerera. Bwerekani foni, imbirani kampani yanu ndi banki nthawi yomweyo, chifukwa akaunti imatha kupukutidwa dzuwa lisanalowe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi fotokope ya chiphaso cha unzika. Timaisiya paliponse: pofunsira ntchito, potenga ngongole, kwa munthu amene wafika m'mudzi ndi kope kuti akulemba mayina a olandira thandizo. Agogo amatulutsa chiphaso pampango mosakayika, chifukwa mnyamatayo wavala bwino ndipo wapereka moni mogwada. Funsani kuti watumidwa ndi ndani, ndipo pepalalo likasungidwa kuti. Mukapereka fotokope, lembani pamwamba pake tsiku ndi ntchito imene mwaiperekera, kuti isakagwire ntchito ina.

Za PIN n'zachidule. Chaka chobadwa chisakhale PIN yanu, popeza chalembedwa pa chiphaso chomwecho. Ndipo wantchito weniweni wa banki kapena wa kampani ya mafoni safunsa PIN, kaya kanambala kotsimikizira kamene kangofika kumene. Woimba akati "mwawina" kapena "akaunti yanu itsekedwa lero", dulani foni, muimbire nokha nambala yodziwika ya kampaniyo. Kufulumizitsa munthu ndiye chida chawo chachikulu. Pa WhatsApp tcherani chitetezo chachiwiri, chofuna PIN ya manambala 6, kuti wolanda simukhadi asalowe.

Udindo suli pa inu nokha. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limalamula mabungwe a m'Malawi kusamala zokhudza anthu zimene asonkhanitsa, ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa mphamvu zoyang'anira. Bungwe likapanda kusamala zanu, muli ndi ufulu wokadandaula kumeneko.