Kufutsa Ndiwo Zamasamba: Mau kwa Alimi ndi Mafumu a ku Msundwe

 Lero tikambirane za ndiwo. Chimanga timachisamala ndithu: timachimangira nkhokwe, timachithira mankhwala a anankafumbwe, ndipo munthu amadziwa matumba ake ndi angati. Koma kodi ndiwo zodyera chimangacho timazisamala chotero? Nsima yopanda ndiwo sitsika pakhosi, ndipo mwana amene adya nsima ya mchere wokha sakula bwino ngakhale nkhokwe ya atate wake ikhale yodzaza.

Inu nomwe mudziwa m'mene chaka chimayendera kuno kwathu. Kuyambira Januwale kufikira Epulo minda imadzaza ndi nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, luni, chisoso ndi denje, kotero kuti zambiri zimangokhwimira m'mizere. Mvula ikaleka, pofika Seputembala, Okutobala ndi Novembala, amene alibe dimba amayamba kugula kampukutu ka mpiru pa msika wa Msundwe, ndipo amene alibe ndalama amangokhala. Miyezi yomweyo ndiyo ya ntchito yolemetsa yosoka ndi kugalauza minda, pamene thupi lifuna chakudya chokwanira.

Makolo athu anali nayo nzeru ya vuto limeneli, ndiyo mfutso. Jessie Williamson, amene anayenda m'midzi ya dziko lino kufufuza za zakudya, analemba za mfutso ndi zikwatu m'buku lake la Useful Plants of Nyasaland la mu 1955. Tsono sitikubweretserani chinthu chachilendo ai. Tifuna kuti mufutse ndiwo zambiri kuposa kale, ndiponso muzifutse m'njira yosataya mphamvu yake.

Chifukwa chake masamba ouma saola

Tsamba laliwisi ndi madzi okhaokha. Pa makilogalamu 10 a masamba aawisi, pafupifupi 9 ndi madzi. Tizilombo toolera ndi chuku sizingathe kukhala popanda madzi, ndipo mukachotsa madziwo masamba amakhala miyezi yambiri. Ndicho chifukwa chake dengu lodzaza limatsala lichero limodzi. Musadandaule poona kuchepako, pakuti chimene chachoka ndi madzi, ndipo adzabwerera mu mphika.

M'masamba obiriwira muli zinthu zimene thupi limapangira vitamini A, wothandiza maso ndi kuteteza ana ku matenda. Mwana wosowa vitamini ameneyu amayamba kusaona bwino kukamada. Mulinso ayironi, wothandiza magazi, amene amai apakati amamufuna kwambiri. Ayironi satha poyanika, koma vitamini A amaonongeka ndi dzuwa lamphamvu, ndipo vitamini C amathawira m'madzi mukawiritsa nthawi yaitali. Pamenepa ndi pamene ambiri timalakwa: timawiritsa masamba kufikira atafewa, titaya madzi ake, ndi kuwayanika padzuwa masiku ambiri kufikira atayezuka. Otsalawo amadzaza mimba koma mphamvu yake yachepa.

Kafutsidwe kabwino

Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Malichi ndi m'Epulo, pamene mvula yayamba kudukiza koma masamba akali anthete. Thyolani m'mawa mame atauma. Sankhani masamba abwino, osati achikasu kapena odyedwa ndi mbozi. Ngati munapopera mankhwala m'munda, dikirani masiku olembedwa pa botolo, chifukwa kuyanika sikuchotsa mankhwala. Nkhwani musadzule monga mwa masiku onse. Tsukani masamba ndi madzi oyera musanadule, osati mutadula.

Tsono bwatitsani madzi mu mphika waukulu, muthiremo kamchere pang'ono. Ikani masamba pang'onopang'ono m'madzi obwatawo, akhalemo mphindi 2 kapena 3 zokha, ndipo muwavuule akali obiriwira. Kuwiritsa kumeneku sikuphika ai. Ntchito yake ndi kuletsa masamba kuti asasinthe mtundu ndi fungo posungidwa, ndiponso kuti aume msanga. Musathiremo soda kapena chidulo, pakuti zimenezi zimaononga mavitamini.

Musayanike pansi. Pansi pali fumbi, nkhuku, agalu ndi mbuzi, ndipo matenda otsegula m'mimba amachokera komweko. Mangani thandala lofika m'chiuno, muyalepo mphasa yoyera, ndi kumwaza masamba mopyapyala osaunjika. Malo abwino ndi amthunzi wopita mphepo, monga pakhonde kapena pansi pa kachisakasa ka udzu. Ngati kunja kuli chinyezi ndipo muyenera kuyanika padzuwa, fundikani ndi nsalu yopyapyala, ndipo mulowetse pamthunzi akangouma. Muziwatembenuza kawiri kapena katatu pa tsiku. Madzulo alowe m'nyumba chifukwa cha mame. Nyengo ikakhala yabwino, masiku 2 kufikira 4 akwanira.

Kuti mudziwe ngati auma, tengani pang'ono muwafinye m'manja. Ouma bwino amathetheka ndi kufumbutuka. Akangopindika osathyoka, sanaume, ndipo mukawasunga otero adzachita chuku. Mfutso wachuku ndi woutaya, musaupatse ana.

Kasungidwe

Chikwatu cha masamba a msuku, chomangidwa ndi luzi ndi kupachikidwa kutsindwi, chikali njira yabwino, chifukwa makoswe ndi chinyezi cha pansi sizifikako msanga. Kumene misuku inatha, gwiritsani ntchito mtsuko wouma wotsekedwa bwino, chitini kapena chigubu chokhala ndi chivindikiro. Sungani pamalo amdima ndi ouma. Ndi bwino kumanga zikwatu zing'onozing'ono zambiri kusiyana ndi chimodzi chachikulu, kuti chimodzi chikaonongeka zina zitsale. Kamodzi pa mwezi tsegulani muone. Mukamva kuti wayamba kufewa, uyanikeninso tsiku limodzi.

Pophika, viikani mfutso m'madzi ochepa, ndipo muuphike m'madzi omwewo osawataya. Tendelani nsinjiro kapena thirani mafuta pang'ono. Pali chifukwa chake: thupi silitenga bwino vitamini A popanda mafuta. Kuno ndi kwao kwa mtedza, choncho sungani wina wa nsinjiro musanagulitse wonse, koma musankhe wabwino, wopanda chuku.

Ndiwo za kudimba ndi selari

Njira yomweyi igwiranso ntchito pa ndiwo za kudimba. Mpiru, repu ndi kabichi zikachuluka pa msika mtengo umagwa, ndipo mlimi amabwerera nazo kunyumba zitafota. M'malo mozitaya, zifutseni tsiku lomwelo.

Ena amene amagulitsa mu mzinda wa Lilongwe adziwa mbeu yotchedwa selari. Kwao kwa mbeu imeneyi ndi maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Imafuna nyengo yozizira ndi madzi ambiri, motero kuno ndi ya kudimba m'miyezi yachisanu. Ili ndi mapesi aatali okhuthala ndi fungo lamphamvu, ndipo ntchito yake ndi kukometsera nyama, nyemba ndi msuzi. Selari ali ndi madzi ochuluka koposa: pa magawo 100, pafupifupi 95 ndi madzi, kotero makilogalamu 20 amatsala ngati kilogalamu imodzi. Patulani masamba ndi mapesi. Masamba muyanike pamthunzi osawiritsa, kuti fungo lisathawe. Mapesi muwadule tizidutswa topyapyala kwambiri, muwiritse mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo muyembekeze kuti adzatenga masiku ochulukirapo kuti aume. Zikauma gwa, fumbutani m'manja zikhale tizibenthu, muike m'botolo lotseka. Supuni imodzi ikwanira mphika wa banja.

Mau kwa mafumu

Inu eni midzi, ntchito iyi isasiyidwe kwa amai okha. Thandala lifuna mitengo, chisakasa chifuna udzu, kuwiritsa kufuna nkhuni ndi madzi, ndipo zonsezi zimadza pa nthawi imene amai ali otanganidwa ndi kukolola. Pa msonkhano wa m'mudzi uzani abambo amange mathandala mvula isanathe. Muonetsetsenso kuti mbuzi ndi ng'ombe zisamasulidwe anthu asanathe kuthyola khwanya ndi chitambe m'minda. Kumbukirani nkhalamba ndi mabanja a ana amasiye, amene sangathe kufutsa okha. Pemphani mlangizi wa zaulimi wa dera lanu kuti adzaonetse anthu kafutsidwe kameneka pabwalo, ndipo agogo odziwa kumanga chikwatu aphunzitse atsikana.

Banja lililonse liwerenge lokha. Kuyambira Ogasiti kufikira Disembala, pamene ndiwo zatsopano ziyamba, pali miyezi 5, ndiye masiku oposa 150. Kodi zikwatu zanu zidzafika? Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma kusowa kwa ndiwo m'chilimwe timakudziwa chaka ndi chaka. Yambani kufutsa masamba akali m'munda. Tsalani bwino.