Matenda Odzandiritsa Akavalo: Mtundu ndi Msipu

Mwana wa kavalo akayamba kuyenda modzandira, kukhwekhwereza ziboda pansi ndi kuima atatangadza miyendo, mwini wake amayamba waganiza kuti wavulala. Koma nthawi zina vuto limakhala lili mkati, m'mitsempha ya m'fupa la msana ndi ya m'tsinde la ubongo, imene imauza nyama pomwe phazi lake laponda. Mitsemphayi ikamafa pang'onopang'ono, kavalo sadziwanso bwino kumene kuli miyendo yake.

Madokotala a ziweto amawatchula matendawa mwachidule kuti EDM, ndipo mtundu wake wocheperako mphamvu amautcha eNAD. Anafotokozedwa bwino mu 1977 ndi Ian Mayhew ndi anzake a pa yunivesite ya Cornell ku America. Kuyambira pamenepo apezeka mwa akavalo a mitundu yambiri, monga Quarter Horse, Morgan, Appaloosa ndi Lusitano, ngakhalenso mwa mbidzi zosungidwa kumalo oonetserako nyama. Kawirikawiri zizindikiro zimaoneka kavalo asanakwanitse zaka ziwiri, zimagwira mbali zonse ziwiri za thupi mofanana, ndipo miyendo ya kumbuyo ndiyo imavutika kwambiri.

Chofunika kumvetsa ndi chakuti matendawa amadza pamene zinthu ziwiri zakumana. Choyamba ndi chotengera kumtundu. Alipo mabanja a akavalo amene ana ake amadwala mobwerezabwereza, pamene ana a mabanja ena, odya chakudya chomwecho m'khola lomwelo, amakula bwinobwino. Chachiwiri ndi kusowa kwa vitamini E pa nthawi imene mitsempha ikukula, ndiko kuti mwana akali m'mimba ndi m'miyezi yoyamba atabadwa. Vitamini ameneyu amateteza mafuta okuta mitsempha kuti asaonongeke. Mwana wa banja lofooka akapeza vitamini wokwanira akhoza kukula osadwala konse.

Nanga kavalo amaupeza kuti vitaminiyu? Amaupeza m'msipu wauwisi. Udzu ukamwetedwa, kuumitsidwa ndi kusungidwa, vitamini E wambiri amatha. N'chifukwa chake matendawa amakonda akavalo okulira m'khola kapena m'bwalo la fumbi, odyetsedwa udzu wouma chaka chonse. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zina ameneyu ndi kavalo wodula, amene mwini wake akumusamala ngati dzira poopa kumutulutsa kubusa.

Anthunso ali ndi matenda ofanana ndi amenewa, otengera kwa makolo, oyamba chifukwa cha kulakwika kwa jini yotchedwa TTPA. Carrie Finno, amene wafufuza kwambiri za matendawa pa yunivesite ya California ku Davis, anaunika jini yomweyo mwa akavalo pamodzi ndi anzake, napeza kuti siyo imene imawayambitsa. Motero woweta amadalira mbiri ya banja la kavalo wake ndi kuyezetsa kuchuluka kwa vitamini E m'magazi. Kutsimikiza kwenikweni kuti ndi EDM kumatheka pokhapokha nyama itafa, poyang'ana mitsempha yake ndi makina oonera tinthu tating'ono. Ikali moyo, dokotala amangochotsapo matenda ena odzandiritsa, monga kupanikizika kwa mitsempha m'mafupa a khosi.

Mitsempha imene yafa sibwereranso. Kavalo woyamba kale kudzandira akapatsidwa vitamini E, matenda akhoza kuima pomwe afika, koma sachira, ndipo kumukwera n'kuika moyo pachiswe, pakuti akhoza kugwa ndi munthu pamsana. Ambiri otere amaphedwa mwachifundo. Chimene chimathandiza ndi kuyamba msanga: kupatsa vitamini E akavalo aakazi a bere, kupitiriza kwa ana awo mpaka atakwanitsa zaka ziwiri, ndi kuwatulutsa kumsipu wobiriwira. M'makola amene anachita zimenezi, ana odwala anachepa kwambiri.

Chovuta kwa oweta ndi nkhani ya kubereketsa. Kavalo wamphongo wooneka wathanzi akhoza kupatsira ana ambiri kufookako, ndipo kumuchotsa pa gulu loberekera kumatanthauza kutaya ndalama zochuluka zimene eni akavalo aakazi amalipira pomubwereka.